Inde wa Isake

Zaka zingapo nkhondo ya Ajeremani itatha, Bungwe Loyang'anira Masukulu a m'Mapiri lidakhala pansi, lidamwa tiyi, ndipo lidalengeza izi: kuti ana a sukulu ya kwa Kamphalasa asamaitanidwenso ndi khasu lakutha lopachika mu mkuyu, chifukwa kulira kwake sikulemekeza maphunziro; kuti m'malo mwake kubwera belu lamkuwa lochokera kutsidya kwa nyanja, chingwe chake chomwe; ndi kuti belulo lizilizidwa mofatsa. Mesenjala amene adabwera ndi mawuwa adawanena ataimirira njo, kenaka adakwera mu mkuyu n'kumasula khasu lolakwalo kuti apite nalo. Ali m'kati momanga miyendo ya nkhuku imene adapatsidwa, adakumbukira kuti padalinso kamfundo kena kakang'ono. Mphunzitsi Yeremiya achotsedwa pa ukulu wa sukuluyo, kubwera wina wa setifiketi, ndipo makolo akafike ku Bungwe Lachisanu kukavomereza.

Amayi adafunsa kuti makolo ake ati. Mesenjala adati Bungwe lidaunika kale zimenezo: kholo ndi mwamuna amene amakhoma msonkho wa nyumba. Apa maso onse adatembenukira kumbuyo, komwe akamwini adakhala pa chipika chawo cha masiku onse. Pakati pawo padali Isake, akusoka chibowo cha thumba.

Isake adabadwira kwa Chisepo, kuchidikha komwe munthu amaona mlendo akadali kutali. Adakwera mapiri a pakati pa Dowa ndi Kasakula ali mnyamata kudzakwatira Kezia, ndipo monga mwambo unenera, adakhala komweko. Adamanga nyumba pamalo a mkazi wake, adalima munda wa apongozi ake mpaka apongoziwo adamwalira atakhuta, adabereka ana asanu ndi mmodzi. Za anawo, kaya ndi matenda, kaya ndi ukwati, kaya ndi mlandu wa mbuzi, ankagamula ndi Kalebe, mlongo wake wa Kezia, yemwe ankakhala tsidya lina la mtsinje komwe nayenso adali mkamwini wosafunsidwa kanthu. Isake pamudzipo ankatumidwa kawirikawiri. Kufunsidwa ayi.

Nthawi ya nkhondo adamugwira utengatenga. Adasenza mabokosi omwe sadadziwe za m'kati mwake kupita nawo kumalo omwe sadadziwe maina ake, ndipo adabwerako ndi bulangete, chifuwa chosatha, ndi nzeru imodzi. Nzeruyo idali yakuti mzungu akasiya kulankhula pamatsala kadzenje ka chete, ndipo kadzenjeko munthu wofuna moyo amakafotsera msanga ndi "inde, bwana". Atafika kunyumba adapeza kuti nzeruyi imagwiranso ntchito pa Kezia, ukangochotsa bwanayo.

Tsono Yeremiya, mphunzitsi wochotsedwayo, adalinso mkamwini, mwamuna wa Manesi, mng'ono wake wa Kezia. Ku mishoni adaphunzirako zokwanira: kuwerenga, nyimbo, katekisimu, ndi masamu mpaka pamene iye mwini ankayambira kutuluka thukuta. Koma luso lake lenileni lidali losaona. Chimanga chikakhwima, anyani n'kutsika m'phiri, ana onse ankabalalikira m'misasa ya kuminda, iye n'kunena kuti sukulu ikupitirira panja. Mtsikana akatha msinkhu, n'kusowa masiku angapo, n'kubwera atameta mpala, Yeremiya ankamufunsa mwachifundo ngati malungo aja atha. Ng'oma za Gule zikamveka kudambwe, iye ankangokweza salimo. Ana ankadziwa kuwerenga, a mishoni ankalandira mbiri yabwino, mudzi osang'ambika. Amayi sadafune mnyamata wa setifiketi, wa maso awiri ogwira ntchito onse.

Lachisanu m'mawa Kezia adamupatsa Isake chinangwa chophika ndi mawu amodzi oti akapereke.

"Mukati ayi, Abanda. Osawonjezera, osachotsera. Ndi wopepuka ameneyo, simungalephere kumusenza."

Bungwelo linkakumana m'nyumba ya njerwa, mtunda wa theka la tsiku. Mudali mbusa wachizungu wa ku mishoni, bwana wamng'ono wa Boma wa maondo ofiira, mafumu awiri omwe ntchito yawo idali kugwedeza mitu, ndi Solomoni, kalaliki womasulira. Akamwini aja adafuna kukhala pansi, koma adawalozera benchi. Adawapatsa tiyi wa shuga. Bwana adalankhula nthawi yaitali za belu, za masileti a mwana aliyense, za denga la malata limene lidzawala mpaka anthu a ku Dowa adzaphimba maso. Kenaka adaloza Isake, poti ndiye adali ndi imvi zambiri, namufunsa kudzera mwa Solomoni kuti iye monga tate wa ana akuganiza bwanji.

Isake adacheuka kuti aone amene akufunsidwa. Kumbuyo kwake kudali khoma.

Ayi wa Kezia adali naye ndithu, adamumva ali m'khosi. Koma bwana adali atasiya kulankhula, kadzenje kaja kadali yasaa, ndipo pakamwa pa Isake padachita zimene padazolowera. Akadalekera pomwepo bwenzi zili bwino. Koma shuga adali atalowa m'magazi. Adaimirira n'kunena kuti ana ake akufunika chitukuko, ana ake sangamaitanidwe ndi khasu ngati nkhuku, ana ake, ana ake. Mawu awiriwo adali asanawatchulepo mokweza pagulu, ndipo adawapeza otsekemera kuposa tiyi. Akamwini anzake adawomba m'manja n'kuvomera onse. Bungwe lidathokoza makolo a kwa Kamphalasa chifukwa cha kuunikiridwa kwawo.

Pobwerera, chifuwa cha Isake chidali chotukuka mpaka pamtsinje. Kuyambira pamtsinje chidayamba kuphwa.

Isake adamupeza Kezia akusadzula nkhwani pakhonde. Kezia adamvetsera nkhani yonse, ya benchi, ya malata, osadukiza. Isake atamaliza, Kezia adamufunsa kuti nanga ayi uja adamusiya kuti, poti ngati adagwa panjira ana akhoza kukamutola. Kenaka adalowa m'nyumba n'kutulutsa mphasa, khasu ndi bulangete la kunkhondo, n'kuziika bwinobwino pabwalo, monga munthu woyanika ufa.

"Mwakapereka ana a eni ake, ndi Yeremiya yemwe, chifukwa cha madzi otentha. Njira ya kwa Chisepo mukuikumbukira, kapena ndikupezereni wokuperekezani?"

Isake ankaikumbukira. Ankadziwanso chimene chidali kumapeto kwake: mayi ake adamwalira kalekale, minda yonse idali m'manja mwa mlongo wake Rebeka ndi ana ake, ndipo mwamuna wobwezedwa ku chikamwini ali ndi imvi amakagona m'gowelo ndi anyamata, n'kumasekedwa ndi ana otunga madzi. Mitengo ya mango imene adabzala, nkhokwe zimene adaluka, zonse zidali za kwa Kamphalasa. Chake chenicheni chidali chitayanikidwa pabwalopo, ndipo chikadakwana m'dzanja limodzi.

Kalebe adawoloka mtsinje mawa lake monga nkhoswe. Pamaso pa anthu adakalipa kwambiri, adati mkamwini asamakule mwendo. Kuseri adamufunsa mlamu wakeyo ngati shugayo adali wa masupuni awiri, napuma mozama atamva kuti adali atatu. Kenaka adachonderera mlongo wake, ndipo adagwirizana chotere: Isake azigona kumsasa wolondera anyani mpaka Bungwe lidzakumanenso. Akakabweza inde wakeyo, mphasa ilowa. Akakalephera, asadzavutike n'kukweranso phiri.

Adakhala kumsasako mwezi wathunthu. Anyani adamuzolowera, ena ankabwera kudzakhala chapatali n'kumamuyang'ana ngati anzake a pa chipika.

Tsiku la Bungwe mudzi wonse udatsika: amayi ndi ana kumsana, atsibweni a ana ochokera m'midzi ya akazi awo, akamwini pambuyo. Ulendo uno tiyi kudalibe. Bwana adati nkhaniyo idatha, makolo adavomera kale, ndipo adafuna kudziwa kuti khamu ili ndi la yani. Solomoni adati awa ndi amayi a ana, awa ndi alongo awo a amayiwo. Bwana adafunsa kuti alongo a amayi zikuwakhudza bwanji. Solomoni, yemwe sukulu adamulowetsa ndi atsibweni ake atagulitsa mbuzi, adayang'ana kudenga n'kunena kuti ndi zinthu za kumudzi.

Mbusa adaona kuti apa pakufunika Malemba. Adatsegula Buku n'kuwakumbutsa amayiwo kuti mwamuna ndiye mutu wa mkazi. Kezia adagwada, adawomba m'manja mwaulemu wonse, maso ali pansi.

"Zoona, abusa, mutu ndi iwowa. Kungoti pa ana asanu ndi mmodzi onse, sindidaonepo ndi mmodzi yemwe akutulukira kumutu."

Solomoni adamasulira kuti mayiyu akuthokoza chifukwa cha Mawu. Mbusa, yemwe Chichewa ankachimva bwino kuposa momwe akadafunira tsiku limenelo, adatseka Buku.

Bwana adagamula kuti woyenera kulankhula ndi yekhayo amene adavomera. Isake adaimirira. Bwana adamuuza kuti mawu a mwamuna si nsalu yosintha tsiku ndi tsiku, kuti Bungwe lidamulemekeza pomukhazika pa benchi, kuti tsogolo la ana ake lili m'manja mwake, ndipo adamufunsa ngati akuimabe pa mawu ake aja monga mwini nyumba. Atatero adasiya kulankhula.

Kadzenje kaja kadatseguka. Isake adamva inde akukwera yekha kuchokera m'mimba, wozolowera njira. Ayi sakadatha kumunena kwa mzungu, lilime lake lidalibe malo ake. Kumanzere kwake Kezia adali akukonza mpango, osamuyang'ana n'komwe. Pakhomo pankaoneka msewu wotsikira kuchidikha, woyera ndi dzuwa.

"Bwana, ine ndilibe ana."

Solomoni adamufunsa kawiri asanamasulire. Bwana adati mwezi wathawu munthu yemweyu adali ndi ana asanu ndi mmodzi, kodi kwagwa mliri?

"Amenewo ndidangobereka, bwana. Eni ake ndi awa," adaloza Kalebe. "Ndidalankhula za munda wa eni. Anga ali kwa Chisepo, a mlongo wanga Rebeka, amenewo ndiye ndingawanenere. Ngati mukufuna kusintha mphunzitsi kumeneko, inde, bwana. Ndi mtima wonse."

Adakhala pansi wopepukidwa, poti inde adatuluka ndithu, ndipo sadagwere munthu aliyense amene adali m'chipindamo. Akamwini anzake ataona khomo lotseguka adathamangira pomwepo. Mmodzimmodzi adaimirira kukana ana ake mwaulemu: wina ake adali ku Kasakula, wina ku Dowa, wina adati mlongo wake ndi wosabereka choncho iye sangathandize Boma pa chilichonse. Bwana adatembenukira kwa mafumu kuti atsutse zamisalazi. Imodzi mwa mafumuwo idadzidzimuka kutulo n'kunena kuti nayonso ufumu idalandira kwa atsibweni ake, kenaka idagwedeza mutu monga mwa ntchito.

Bungwe lidawatulutsa anthu panja kuti likambirane. Lidapeza kuti kubweza chigamulo sikungatheke, chifukwa Bungwe silibwerera m'mbuyo. Choncho lidalengeza kuti Yeremiya wachotsedwa pa ukulu monga lidanenera. Mphunzitsi wa setifiketi adzabwera, pamodzi ndi belu, masileti ndi malata, makolo akadzapereka malo a nyumba yake ndi munda. Podikira zimenezo, Yeremiya angogwirizira.

Nthaka ya kwa Kamphalasa idali ya amayi, ndipo amayiwo adafunafuna malowo mwakhama. Apa padali chiswe. Apo padali pafupi ndi manda. Pena padali pabwino ndithu, koma padali panjira ya anyani, ndipo sakadalola munthu wophunzira kuvutika chotero. Chaka chilichonse ankatumiza mawu ku Bungwe kuti akufunabe.

Za mphasa zidatha tsiku lotsatira. Kezia adadzera kumsasa ali ndi dengu pamutu, adaima osatula, n'kunena kuti anyani adandaula kuti munthu wina akuwasokosera ndi chifuwa, ndiye kuli bwino azikatsokomolera kunyumba. Isake adapinda mphasa n'kumutsatira.

Mnyamata wa setifiketi uja, Samueli, Bungwe lidamutumiza kwa Chisepo, poti kumeneko kudali kholo limene lidavomera ndi mtima wonse pamaso pa mboni. Adali ndi maso awiri ogwira ntchito onse. Chaka chisanathe Rebeka adatuma munthu kudzamuuza Isake kuti akadzabwera kumaliro kwawo adzabwere ndi kamba wake, poti iye sadzamuphikiranso.

Isake sadafunsidwenso maganizo ake pa chinthu chilichonse, ndipo sadaoneke wodandaula. Nkhani imene ankakonda kukamba pa chipika idali ya masupuni atatu aja. Adakalambira kwa Kamphalasa, adamwalirira m'nyumba imene adamanga, ndipo mapemphero a pamaliro ake adatsogolera ndi Yeremiya, ali ndi ndodo, akugwirizirabe.

Popeza mesenjala adapita nalo khasu loyamba lija, Isake adali atapereka lake, lomwe lija lidayanikidwa pabwalo, litatha mano. Adalipachika yekha mu mkuyu, kuti lithandize masiku ochepa podikira belu. Adzukulu ake onse adaitanidwa kusukulu ndi khasu limenelo.