A Jeke ndi Tayala la Lole

Tsiku lomwe mdzukulu wawo woyamba anafika pakhomo kuchokera kuchipatala, a Jeke anali chigonere chagada, maso ali kudenga. Mwana wawo wamkazi analowa kuchipinda khanda lili m'manja.

"Ababa, mlendo wanu uja ndi uyu."

A Jeke anatambasula manja, koma akazi awo anawagwira paphewa.

"Ayi bambo. Adokotala anati cholemera kuposa kapu ya tiyi musakhudze."

Anangomugwira kaphazi ndi chala chimodzi, kenako anatembenuzira nkhope kukhoma n'kulira. Chinkawapweteka kwambiri n'chakuti vutoli analiputa okha.

Inu amene mtima wanu wafooka lero, imvani mmene zinayendera. A Jeke anali makaniko pagalaja ina ya malole. Dzinali anawapatsa ndi anzawo, chifukwa ena akamafunafuna jeke kapena tcheni chokwezera, iwo ankakhala atachidzutsa kale chitsulocho ndi manja. Ankalikonda dzinali kuposa lawo lenileni.

Msana utayamba kuwawa, ankangomangitsa lamba, kumeza mapilitsi awiri, n'kulowa pansi pa lole. Anatero zaka zisanu ndi zitatu, mpaka mwendo wamanzere unayamba kuchita dzanzi, sokosi n'kumachita kuvekedwa ndi akazi awo.

Kuchipatala anawachita opaleshoni. Mafupa awiri a m'munsi mwa msana anawamanga ndi tizitsulo ndi masikuluwu kuti alumikizane n'kukhala fupa limodzi. Dokotala anawalankhula chimakaniko.

"Zitsulozi zangogwirizira, bambo. Wowotcherera weniweni ndi fupa lanu, ndipo ameneyo safulumira. Miyezi isanu ndi umodzi osawerama, osapotoka, osanyamula. Mukamvera, mdzukulu ali m'njirayo mudzamunyamula nokha."

Anamvera miyezi itatu. Ululu utachepa, pakhomo panayamba kuwatopetsa. M'mawa wina anati akungokawaona anzawo. Anapeza awiri akulimbana ndi tayala la lole lomwe linagona pansi.

"Jeke wafika!" anakuwa mmodzi. "Kapena kuchipatalako anakakuchotsani mafuta, simukwezanso?"

Galaja yonse inafa nako kuseka. Palibe anawapempha kuti athandize, ndipo ndikubwereza, palibe anawapempha. Anapinda okha mikono ya malaya n'kuwerama. Tayala linadzuka, anthu anaomba m'manja, iwo anamva kanthu kakuti tswa pansi pa lamba. Anabwerera kunyumba akumwetulira, osauza munthu.

Anabisa masabata atatu, mpaka tsiku lina analephera kudzuka pampando. Chithunzi cha kuchipatala chinaulula zonse: sikuluwu imodzi inali itagwedera, fupa silinagwire. Opaleshoni yachiwiri inamanga mafupa atatu, ndipo ulendo uno anauzidwa kudikira chaka chathunthu. Khanda linabadwa mabala asanapole.

Apa mpomwe ambiri amagonja. A Jeke nawo anatsala pang'ono. Koma mayi wina wa kuchipatala wowaphunzitsa mafizo olimbitsa thupi anali wosanyengerera. Anawaphunzitsa kudzuka pabedi mogubuduka thupi lonse pamodzi ngati chipika. Sabata yoyamba ankayenda kuchoka pabedi kufika pachitseko. Kenako pawindo la pabalaza. Kenako pageti, thukuta lili kamukamu, mano ali gwa. Supuni ikagwa pansi, bambo amene ankadzutsa matayala ankaitana munthu kuti awatolere. Anaphunzira kuitana, ndipo phunziro limenelo linali lowawa kuposa mafizo onse.

Mdzukulu naye anali pa sukulu yake. Iye akukwawa, agogo ake akukoka phazi ndi ndodo. Iye akugwira khoma, agogo ake akugwiranso khoma lomwelo.

"Tiona amene ayambe kuthamanga pa awirinu," ankatero akazi awo.

Chaka chitatha anasiya ndodo. Anabwerera kugalaja, koma tsopano amakhala pampando wautali, n'kumamvetsera injini ndi khutu, n'kunena pomwe pali vuto. Aliyense wowerama kuti adzutse chitsulo ndi manja amamva mawu awo: "Tcheni chilipo, iwe. Sichikhala ndi ana oti chidzanyamule chimenecho." Kukazizira msana umawakumbutsabe.

Dokotala atawalola kunyamula, anawapatsa malire a moyo wonse: makilo khumi basi. Mdzukulu uja anali atakwana kale khumi ndi awiri. Sanamunyamulepo m'mwamba ngakhale kamodzi, ndipo sadzatero. Tayala limodzi ndi kuomba m'manja kwa mphindi imodzi zinawadyera zimenezo.

Masana ena atakhala pampando wawo wowongoka, kamtsikanako, kamdzukulu kawo kaja, kanabwera kakukweza manja.

"Gogo, nyamule."

Mtima unawawawa. Anasisita bondo lawo nati, "Kwera wekha, mayi. Ndili pompano."

Kanagwira buluku, kanaponda phazi lawo, kanaterereka, kanayesanso, mpaka kanakhala pamiyendo pawo n'kutsamira pachifuwa. A Jeke anakakumbatira, misozi ili chuchuchu.

Owerenga, zina zikatayika sizibwerera, ndipo sindikunamizani kuti zimabwerera. Ngati mukuchira, musanyamule tayala la wina kuti akutameni. Ngati munalinyamula kale, dzukani mogubuduka, yendani mpaka pachitseko, mawa pageti. Osataya mtima. Khalani pomwe wokukondaniyo angakupezeni, adzakwera yekha.