Bondo la Abiti Jafali

Ntchitoyo anandipezera ndi azakhali anga, amene ankakolopa pa kachipatala kena ku Mangochi boma. Kuchipinda cha mafizo, kochitira masewera olimbitsa ziwalo za odwala, ankafuna wothandizira wodziwa Chiyao. Sukulu ya zimenezi ndinalibe, koma pakamwa pokha ndinali napo.

Abwana anga anali mayi Gondwe, a kumpoto, osakonda zolankhulalankhula. Anandiphunzitsa kukulunga ayezi m'thaulo, kuyendetsa odwala pakati pa zitsulo ziwiri zogwirira, ndi kugwira goniyomita, kachipangizo konga malula awiri olumikizana koyezera mmene bondo lapindikira. "Bondo latsopano silidikira munthu," ankatero. "Likapanda kupindidwa msanga, limauma."

Kenako kunabwera Abiti Jafali a ku Katuli. Nyamakazi inawadya bondo lakumanja mpaka anakawaika lachitsulo ku Blantyre. Atabwerera kumudzi, ana awo aakazi anawalemekeza mopitirira: kuwagoneka pamkeka, kuwabweretsera chilichonse pomwepo, kuwanyamula popita kubafa. Mayi wamkulu wochitidwa opaleshoni aimirire yekha ana alipo? Mvula nayo inadula msewu. Pomafika kwa ife, mwendo unali gwa ngati munsi.

Za kuyenda analibe nazo ntchito kwenikweni. Ankafuna chimodzi basi: kugwadanso pa swala, pemphero lawo la Chisilamu, chipumi chifike pansi. Ndinkawakokera chidendene pang'onopang'ono ndi thaulo, iwo ataluma mpango, misozi ili chuchuchu, koma osadandaula. Ndinawakonda mayi amenewa, ndinene zoona.

Tsiku lina mayi Gondwe anayeza, kuyezanso, n'kuika goniyomita patebulo. "Auze kuti lafika pothera. Kukhala pampando azitha, kugwada ayi."

Mawuwo anayenera kutuluka m'kamwa mwanga, m'Chiyao. Ndinawauza. Anangosisita chipsera cha pabondo. Nthawi yomweyo kumzikiti wa kumsika anaitana swala ya masana.

"Mwanangu, tanditembenuzira mpandowu uyang'ane uko, kumene timayang'ana popemphera."

Anaswali ali chikhalire, akuweramitsa mutu mpaka pamene msana unalolera. Koma kamkeka kawo kopempherera anandiuza ndikayalebe pansi kutsogolo kwawo, ngakhale chipumi sichikanakafika.

Sanabwerenso, Katuli n'kutali. Mpaka lero wodwala watsopano akabwera ndimayamba ndi achibale: musamamunyamule, aziimirira yekha ngakhale alire. Ndipo ndikamva kuitana kwa masana, mtima umandipweteka. Ndimalakalaka nditawaona Abiti Jafali akulowa pakhomo paja mvula isanayambe, bondo likadali lofewa.