Khoma la Zitenje ku Solihull

Ine ndi bambo a kukhitchini kuntchito kwathu tinalamulidwapo ndi atsamunda amodzi. Tinazindikira zimenezi pa nthawi ya tiyi, m'nyumba yosamalira okalamba ku Solihull, titaona kuti tonse timathira mkaka wambiri ndipo tonse timapepesa munthu akatiponda phazi. Iwo anachokera ku Hong Kong, ine ku Kasungu. Kusiyana kwake n'kwakuti ife atsamunda pochoka anatisiyira dziko kuti tidziwonongere tokha, pomwe iwowa anangowapereka kwa mwini wina, mmene timaperekera nkhuku kwa mlendo, osaifunsa maganizo.

Ndinkawaitana kuti achimwene, iwo ankanditchula Sisita. Nditawafunsa ngati ali Mtchaina kapena Mngelezi, anayamba kufotokoza ndikudya nkhomaliro, anamaliza ndikukwera basi ya ku Oldbury. Sindikuwonjezera, Mulungu akundiona. Yankho lake linali lakuti, "Ndine wa ku Hong Kong basi."

Kwawoko ankathandiza khansala wa dera lawo kulondola madandaulo a ngalande zotsekeka ndi zikepe zofa m'nyumba zosanja. Kenako malamulo anasintha. Mwa makhansala osankhidwa ndi anthu, ena anatula pansi udindo, ena anachotsedwa, ndipo wofuna kuima pachisankho anayamba kuyesedwa kaye ngati amakonda dziko mokwanira. Achimwene anatenga banja n'kubwera kudzasenda mbatata kuno. Mayi awo anakana kusamuka.

Chaka chimene ndikunenachi mayiwo anagonekedwa m'chipatala, achimwene n'kugula tikiti yokawaona. Sabata yomweyo anthu akwawo anakonza msonkhano ndi opikisana pa chisankho cha makhansala, mu holo imene mpingo wathu umapempheramo Lamulungu masana. Ndinawapeza achimwene akusenda mbatata imodzi mpaka inatsala ngati mtedza.

"Ndikufuna ndikafunse funso, Sisita," anatero.

"Kafunseni. Pakamwa amalipiritsa?"

Anandifotokozera kuti pamisonkhano yoteroyo kukhoma amapachika nsalu yolembedwa mawu amene kwawo amamangitsa munthu. Aliyense amajambula, zithunzi n'kupita pa intaneti. Ambiri amabwera atavala mamasiki ngati kuli mliri. Nkhope yawo ikaoneka pansi pa nsaluyo, mwina palibe angasamale, mwinanso pabwalo la ndege la kwawo angawapatutsire m'kachipinda, mayi awo osawaona.

"Valani masiki nanu."

"Sindinawoloke nyanja kuti ndizilankhulira m'kansalu."

Apa m'pamene ndinadziwa kuti maphunziro anga apeza ntchito. Ine ndinakula nthawi ya chipani chimodzi. Mtsogoleri akamadutsa, asungwana ndi amayi ankatindandika m'mbali mwa msewu titavala zitenje za nkhope yake. Tinkati tikuvina, koma ntchito yeniyeni inali kubisa nyumba zakugwa kuti asazione. Mayi anga okha, atatambasula mikono, ankaphimba sukulu yonse ndi zimbudzi zake zomwe. Ndikulumbira, anawayamikira pamsonkhano.

Ndinaitana anzanga awiri: mtsikana wa ku Zambia amene timagwira naye mashifiti, ndi anamwino a kumpingo kwathu okhala ku Longbridge, mayi athupi lalikulu amene akalowa m'basi dalaivala amayatsa magetsi. Anamwinowo anayamba akana.

"Asisi, ndale za eni ake zimenezo. Tili pa viza ife."

"Voti tili nayo, mayi. Khadi yovotera inabwera kwanu kapena sinabwere?"

"Inabwera. Ndinaikapo poto."

"Manje tiyende chabe," anatero wa ku Zambia uja. "Ine ma camera amanikonda."

Tsikulo tinavala zitenje zazikulu ndi maduku otalika, amene munthu polowa pakhomo amawerama. Achimwene tinawakhazika pakona, khoma kumbuyo, khoma kumanzere, ife kutsogolo ndi kumanja. Mu holo munali zii. Kwathu wandale akabwera pamakhala ng'oma, malaya aulere, ndi munthu mmodzi wokomoka. Kuno kunali opikisana atakhala patebulo ndi jagi ya madzi, ngati odikira dokotala.

Wotsogolera msonkhano, mnyamata wa masiki akuda, ataitanitsa mafunso, achimwene anakweza mkono. Ife tinaimirira pamodzi n'kutambasula zitenje. Mafoni onse anatembenukira kwathu, monga tinkayembekezera.

Mnyamata uja anatipempha mwaulemu kuti tikhale pansi. Anamwino anayankha kuti msana. Wa ku Zambia anati nayenso msana. Ine ndinati kwathu munthu wamkulu akamalankhula timaimirira, ndi mwambo. M'dziko la Angelezi munthu ukamuuza kuti ndi mwambo, amasiya kupuma. Mayi wina woyera wa kumbuyo anaimirira nafe.

Ndiye kuseri kwathu kunatuluka mawu a achimwene, opanda kansalu. Anafunsa bambo wadazi amene anakhala pakati pa opikisanawo.

"Inu, ndani anakulolani kuti muime pachisankhochi?"

Bamboyo anayang'ana duku langa, poti n'kumene mawu ankachokera.

"Mkazi wanga," anatero. "Monyinyirika."

Azungu anaseka. A ku Hong Kong sanaseke.

"Nanga mukaluza, mupita kuti?"

"Kuntchito, Lolemba. Ndimakonza mapaipi."

"Nanga mukapambana, akuluakulu n'kusakondwa nanu?"

"Ndiye kuti zinthu zili monga mwa masiku onse."

Achimwene anati zikomo, n'kukhala pansi. Ndinamva mpando ukulira kumbuyo kwanga, kenako kupuma kwa munthu amene watula mtolo wa nkhuni. Sindinacheuke. Khoma silicheuka.

Vuto linabwera pothera. Bambo wadazi uja anakhudzidwa mtima, nabwera atatambasula dzanja, wojambula wake ali pambuyo, kufuna chithunzi ndi munthu wa mafunso okoma. Anazungulira anamwino, ulendo umene unamutengera nthawi, n'kutulukira pampata umene tinasiya wa mpweya. Kamera inakwera.

Ndinaimba nthungululu. Sindinaiimbe chichokereni kumudzi, koma inatuluka yonse, mpaka alamu ya galimoto panja inayankha. Ndinamukumbatira bamboyo, wa ku Zambia anamuveka chitenje m'khosi, anamwino anayambitsa nyimbo ya zopereka. Tinamutembenuza ngati bedi la wodwala, nkhope yake kukamera, ife mbali zonse. Potha nyimbo, achimwene anali pa siteji ya basi.

Zithunzi tinazifufuza pa intaneti, aliyense pa foni yake. Tinadzipeza ife tokhatokha: maduku, mano, mikono. Pa chimodzi panaoneka chigongono cha achimwene. Tinachikulitsa, tinachitembenuza, tinagwirizana kuti chigongono chotere aliyense ali nacho. Mwana wanga ataona kapepala ka kampeni kali ndi ine ndikukumbatira munthu wa chipani chimene sindinachivotere, anangoti, "Mum, why?" Ndinamuuza kuti adye.

Achimwene ananyamuka. Tsiku lofika, mafoni athu anali m'matumba a yunifolomu, chinthu choletsedwa. Ndikumwetsa tiyi agogo ena, thumba linanjenjemera. Achimwene analemba kuti adutsa pabwalo la ndege, ali m'chipatala, mayi awo akuwakalipira kuti awonda.

Atabwerera ndinawauza kuti khoma lathu linagwira ntchito, ayamike. Anayamika, anatipatsa makeke a dzira. Kenako anati kwawoko munthu sadziwa ngati wadutsa chifukwa alibe mlandu kapena chifukwa sanafike pa dzina lake. Anawonjeza kuti mayi awo sanachire kwenikweni, adzapitanso nyengo yozizira, ndipo msonkhano wina ukadzakhalako sadzakweza mkono.

Ndinatenga mpeni wina, tinasenda mbatata.