Milamba m'dziwe la ng'ombe

Inu amene mukuti zanu zathera pomwepo, tamvani za Doroteia wa ku Ntengo-Wambalame.

Nkhondo itafika povuta, matropa, kunena asilikali, anakusa ng'ombe zonse za pabanja pawo. Mwamuna wake anamutenga kuti akasenze katundu, sanabwerenso. Doroteia anatsala ndi ana atatu, apongozi ake aamuna a Alberto, ndi dziwe lomwe ng'ombe zinkamwera.

Kumunda kunkaopsa chifukwa cha mabomba okwirira. Olinda, mwana wamng'ono, anayamba kutupa miyendo chifukwa chosowa ndiwo.

Doroteia anakagwira milamba kudambo n'kuiponya m'dziwe muja kuti iswane. A Alberto, Mngoni weniweni, analavula malovu. Anati makolo awo nsomba sankadya.

"Amake Olinda, ng'ombe zanga mwasintha ndi njoka zandevuzi?"

Doroteia anangoti mwana akudwala.

Chaka choyamba palibe chinaswa. Anali atasankha yamimba zikuluzikulu yokhayokha, osadziwa kuti yonse ndi yaikazi. Anabwerera kudambo, nayamba kutembenuza milamba umodziumodzi mpaka anazindikira: wamphongo ali ndi kanyama kosongoka kumunsi kwa mimba, waukazi alibe. Anatenga yamphongo n'kukaiponya m'dziwemo.

Mvula yoyamba itagwa, madzi anakwera mpaka m'maudzu, milamba inaikira mazira. Tiana tinadzaza m'mphepete. Doroteia anatisiya momwemo, poganiza kuti mwana amakula ndi make. Mwezi usanathe, tonse tinasowa. Tsiku lina akutumbula mlamba waukulu, anatipeza m'mimba mwake. Anakhala pansi, mpeni uli m'manja.

A Alberto anasuzumira m'mimbamo.

"Nafe kukhola mathole timawapatula," anatero. "Bweretsani khasu."

Nkhalamba ija inakumba kadziwe pambali, n'kukatcha khola la mathole. Mvula yotsatira tiana anatisamutsira mmenemo, ndipo tinakula. Olinda anachira. Amayi anzake a Doroteia ankabwera ndi zidebe kudzapempha mbewu ya milamba, iye n'kumawaphunzitsa kutembenuza mlamba asananyamule.

Tsiku lina akudya, a Alberto anatambasula dzanja.

"Tandipatsaniko kamutu ka mlambako. Makolo ndikawafotokozera ndekha."

Doroteia analephera kawiri, koma ulendo uliwonse ankafufuza pomwe walakwitsa. Nanunso zikakukanikani, musathawe. Tembenuzani mlamba wanuwo muone. Ng'ombe zingapite, koma dziwe likadalipo. Osataya mtima.