Tidalonga Kale

Otilia ndi mwana wa malemu Sebastiano wa kwa Malemia. Bambo ake ndidawadziwa tili anyamata, tikunyamula mabelo a thonje pamsika wa Ngabu. Iwo adabwerera kwawo kukalima dimba m'mbali mwa Shire. Ine ndidatsala pano, ndipo masiku ano ndimasunga makiyi a holo ina imene anthu amachitiramo misonkhano.

Mayi ake a Otilia adamwalira iye ali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Azakhali ake adamutenga kupita naye ku Blantyre. Kusukulu anzake ankamuseka akalankhula Chisena, ndiye adachisiya. Kumudzi ankabwera pa Khirisimasi, masiku anayi basi. Bambo ake ankalankhula Chisena chosakaniza ndi Chimang'anja, iye n'kumayankha Chichewa cha m'tauni, ndipo onse awiri ankayesa kuti akumvana.

Sukulu adakhoza. Adatenga digiri yoyamba, n'kuyamba yachiwiri imene amati mastazi. Adasankha kufufuza za madzi osefukira kwawo. Chaka chimene madzi adagumula khoma ladothi lotchinga mudzi wawo, adabwera ndi foni n'kujambula mawu a anthu makumi anayi. Woyamba adali bambo ake. Patapita miyezi isanu ndi iwiri Sebastiano adamwalira ndi chifuwa, akadali m'tenti. Kumaliro ndidapita. Otilia sadalire. Adakhala pamphasa, akamupatsa moni ankayankha, tsiku lachitatu adakwera minibasi.

Mwezi wa Okutobala chaka chino adatulukira pa Ngabu ndi anzake khumi ndi asanu, onse a mastazi. Idali wekishopu ya masiku atatu m'holo yanga. Wophunzitsa adali a Maclean, munthu wa tayi ngakhale kukutentha chotere. Ankawaphunzitsa kulemba makalata ofunsira ntchito, kupereka chanza kwa abwana, kuyang'ana anthu m'maso, ndi kufotokoza kafukufuku wako yense m'mphindi zitatu. Ndidamva zonse chifukwa fani ya pakona imaima ngati palibe woigwirira waya.

A Maclean adanena tsiku loyamba kuti amene adzalankhule bwino kuposa onse adzapita kumsonkhano waukulu ku Lilongwe, kumene kumabwera mabungwe olemba anthu ntchito. Malo adali amodzi. Otilia adali atafunsira ntchito zaka zitatu osayankhidwa.

Tsiku lachiwiri lidali loyeserera. Otilia adaimirira, n'kulumikiza foni yake ku sipika. M'holo mudamveka mawu a Sebastiano.

"Ife tidalonga kale. Madzi mbadzati kufika, tidalonga."

Adazimitsa foni.

"Amenewo ndi bambo anga," adatero. "Akuti madzi asanafike, anthu adali atalonga kale katundu wawo. Kafukufuku wanga akuonetsa kuti anthu a m'chigwa sadikira kuuzidwa. Amadzikonzekeretsa okha."

Adapitiriza mosadodoma, n'kumaliza nthawi isanathe. A Maclean adaomba m'manja.

"Mwamva? Mawu amodzi, nkhani yonse yathera pomwepo. Inu ena mumayamba ndi mbiri ya dziko."

Adalemba dzina la Otilia pamwamba pa bolodi.

Ine Chisena ndimamva, koma ndidangogwirabe waya wa fani. Pakhomo padaima Clotilda, mayi amene amaphikira misonkhano yathu, atanyamula thireyi ya makapu. Iye ndi wa mudzi womwewo wa Sebastiano. Adandiyang'ana, n'kutuluka.

Pa nthawi ya tiyi Otilia adabwera kuseri kwa holo, pansi pa mtengo wa nimu, kudzapempha madzi akumwa. Clotilda ankatsuka makapu. Ine ndidali pa benchi.

"Iwe mwana wa Sebastiano, tabwera kuno," adatero Clotilda.

"Ndabwera, amayi."

"Bambo ako adalonga chiyani? Mphasa imodzi ija? Kapena khasu?"

"Katundu, amayi. Adanena okha."

"Ine ndidawapeza pachulu ali ndi kabudula yekha. Katunduyo adali m'thumba la kabudula?" Kenako adacheukira kwa ine. "Akulu a makiyi, muuzeni ndinu. Ine anganene kuti ndi nkhani za wophika."

Ndidamuuza. Pa Chichewa kulonga ndi kuika zinthu m'thumba kapena m'dengu. Pa Chisena kulonga ndi kulankhula. Bambo ake ankanena kuti adalankhula kale madzi asanafike.

"Katatu," adatero Clotilda. "Katatu adapita kwa akomiti yoyang'anira khoma kukanena kuti khoma lang'aluka pafupi ndi mtondo. Palibe adabwera kudzaona. Palibenso adalonga katundu, mwananga. Madzi adatipeza tili chikhalire."

Otilia adamwa madzi ake onse, n'kuika kapu m'beseni. Nkhope yake sidasinthe.

"Mwa anthu makumi anayi aja, makumi awiri ndi atatu adati tidalonga," adatero.

"Ndiye kuti mudzi wonse udali ndi masutukesi," adatero Clotilda.

Palibe adaseka. Otilia adayang'ana msewu, kumene anyamata a kabaza ankalimbirana munthu wotsika basi. Kenako adandifunsa.

"Abambo, m'holomo alipo wina womva Chisena?"

"Palibe."

"Nanga ku Lilongwe?"

"Sindikudziwa. Mwina wophika."

Adagwedeza mutu n'kulowa. Masana onse ankaphunzira kamwetuliridwe pojambulitsa chithunzi cha pa kalata yofunsira ntchito. Iye adamwetulira monga adauzidwira.

Tsiku lachitatu lidali la mpikisano weniweni. Otilia adaitanidwa wachisanu. Adaseweranso mawu aja, n'kuzimitsa. Sadayang'ane munthu m'maso. Adayang'ana simenti.

"Dzulo ndidakuuzani zolakwika," adatero. "Chilankhulo cha bambo anga sindichimva bwino. Sakunena za katundu. Akuti adachenjeza za khoma, koma palibe adawamvera. Ena ambiri amene ndidawajambula adanenanso zomwezo, ndipo onse ndidawalemba molakwika. Zathera pamenepa."

Sidakwane ndi mphindi imodzi. Adakhala pansi. Mnyamata wina kumbuyo adayamba kuomba m'manja, ataona kuti ali yekha adaleka.

A Maclean adavula magalasi n'kuwapukuta ndi tayi.

"Ndiye kafukufuku wanu akunena chiyani tsopano, a Otilia?"

"Sindikudziwa."

"Machaputala angati aima pa mawu amenewa?"

"Atatu."

"Mwa angati?"

"Asanu."

A Maclean sadali munthu woipa. Adati zimene wachita n'zoyenera, ndipo adauza enawo kuti atengerepo phunziro. Koma adatinso sangatumize ku Lilongwe munthu amene sakudziwa chimene wapeza. Adafufuta dzina lija pabolodi ndi chikhatho. Malo adatenga mtsikana wina dzina lake Tiyamike, amene adalankhula za mitengo ya nyama pamsika. Adalankhula bwino ndithu.

Madzulo aliyense adalandira satifiketi. Otilia adalandira yake, adajambulitsa nawo pagulu, adathandiza kusanja mipando. Anzake atakwera basi iye sadakwere. Adati atsalira pang'ono.

Kuyunivesite adamuonjezera chaka china kuti alembenso. Akukhala kwa msuweni wake kuseri kwa msika. M'mawa uliwonse amabwera pansi pa nimu ndi foni ndi kope. Clotilda akamasenda anyezi kapena kutsuka mapoto, iye amasewera mawu a munthu mmodzi, kuimitsa, kufunsa, kulemba.

"Apa akuti chiyani, amayi?"

"Wamva wekha. Nena ndiwe."

Otilia amanena.

"Ayi. Digiri yako ija adakupatsa uli m'tulo? Bwezera."

Amabwezera. Sakwiya, sasekanso. Munthu mmodzi amawatengera masiku awiri, nthawi zina atatu, chifukwa okalamba akayamba kufotokoza sathamanga, ndipo Clotilda amaima kaye kuti anene amene adamwalira ndi amene adasamukira kumtunda. Kukakhala msonkhano m'holo, ntchito imaima mpaka anthu adye.

Sabata yatha adali pa munthu wa nambala seventini. Ndidamufunsa ngati amaliza mvula isanagwe. Adati ayi. Ndidamufunsa za ntchito, adati sadafunsirenso kulikonse. Kenako adatsegula tsamba lina la kope n'kuyambitsa mawu a mayi wina wa kumadimba.