Tenti ya Falesi, ija inaulukayi

Tsiku limene Falesi anatsika lole pamphambano ya kwathu, ndinayamba kuona ndowa. Kenako mphasa yokulunga, kenako kamtsikana kogwirira ndowayo, ndipo pomalizira Falesi mwini wake, woonda ngati phesi la fodya lothyoledwa masamba onse.

Falesi ndi mwana wa malemu mlongo wanga. Anabadwira pa esiteti, kukulira pa esiteti, kukwatiwira pomwepo. Mwamuna wake atapita ku Joni n'kuiwala njira yobwerera, bwana anati nyumba ya tenanti si yosungiramo mbeta. Kwawo kwa mayi ake ku Thyolo kunalibe womudziwa. Ndiye anabwera kwa ine, azakhali ake, kuno kumapiri a m'malire a Dowa ndi Ntchisi, kumene mphepo imakuvula mpango usanapereke n'komwe moni.

Munda analibe. Mukudziwa inu, mwana kwawo kwa bambo ake ndi mlendo pa nthaka. Ndinamudulira kandime kuseri kwa nyumba, koti nkhuku ziwiri zikhoza kukapalasa konse dzuwa lisanatenthe.

Tsiku lomwelo anandiuza mawu amene sindinawaiwale: "Azakhali, lole ija sindidzakweranso. Hope aphunzire pasukulu imodzi mpaka amalize."

Hope ndiye kamtsikana ka ndowa kaja. Kanali katasintha kale sukulu zinayi, kutsata kumene fodya wapita. Ndipo lole ya ku esiteti imabwera chaka chilichonse mu Seputembala kudzatola anthu amene mudzi wawakanika.

Zaka ziwiri Falesi anakazinga zitumbuwa n'kumasenza kupita nazo ku Dowa boma. Anagula kambuzi, kambuzi kanaswa, khola linadzaza. Koma zitumbuwa amakazinga aliyense, ngakhale ine wa Sitandade 2 ndimakazinga, kungoti zanga agalu amayamba anunkhiza kawiri.

Nzeru inamubwerera pa ukwati wina. Eni ake anaitanitsa tenti kuchokera ku Lilongwe, ndipo inafika anthu atapsa kale ndi dzuwa, akwati atanyowa thukuta. Falesi anaona kuti kumapiri konse kuno kulibe munthu wobwereketsa tenti. Anagulitsa mbuzi zonse. Ine ndinalira tonde yekha, uja ankandidyera sopo, poti tinali titazolowerana.

Ku Lilongwe mtengo wa tenti yatsopano unamuchititsa chizungulire. Koma panja pa sitoloyo panali ina yaikulu, yoimikidwa kuti odutsa aziona. Wogulitsa sananame, anamuuza kuti imeneyo ndi yachionetsero, yaima pamenepo zaka zitatu, mbali imodzi yasuluka ndi dzuwa, ndipo akhoza kuitenga motchipa. Falesi anaizungulira. Anakankha mwendo wake, sunasunthe. Anati chinthu choima zaka zitatu osagwa ndiye cholimba chimenecho, n'kugula.

Chimene sanayang'ane ndi pansi. Miyendo ija inali yomangidwa ndi mabawuti pa simenti, pakati pa makoma awiri. Tentiyo inalibe chingwe, inalibe chikhomo, ndipo chibadwire sinakumanepo ndi mphepo. Mwana wa m'tauni weniweni, wosapondapo munga.

Ntchito yoyamba inali chinkhoswe cha Iness, mdzukulu wa a Agustino, mkulu wa mpingo, munthu wovala jekete ngakhale popita kudimba. Unali mwezi wa Juni, mwera utayamba. Falesi anaimika tenti pabwalo, n'kupsinja miyendo ndi miyala. Inakongola, sindinama. Azimayi ankaigwiragwira ngati mwana wakhanda.

Itakwana nthawi yoti ankhoswe asinthane nkhuku, a Agustino anaimirira ndi msoti m'manja, anzawo akuchimuna ndi tambala. Pomwepo mphepo inatsika phiri, kulowa kunsi kwa tenti, n'kuinyamula yonse. Inadutsa pamwamba pa mitu yathu miyendo ili m'mwamba, n'kukatera m'munda wa mbatata. Tambala anathawira kwake, msoti kwake. A Agustino anatsala ataima manja ali tambasu, nthenga ili pa jekete.

Mulungu ndi wabwino, palibe anavulala. Ine ndinaseka mpaka kukhala pansi, ndikuvomera tchimo langa. Ndinasiya nditaona nkhope ya Falesi.

A Agustino sanakalipe. Anangoti, "Mayi, zotsala m'sitolo muzikayesera kwanu."

Kuyambira tsiku limenelo tenti ija inatchedwa ndege. Falesi akamadutsa pamjigo ankamufunsa kuti inyamuka nthawi yanji, akwere nawo. Misoko inali itang'ambika mbali yonse yosuluka ija, chifukwa dzuwa la zaka zitatu linadya ulusi. Anaipinda, n'kuiponya kuseri kwa khola lopanda mbuzi.

Patapita masiku anandipeza ndikusenda mtedza. Anati wamva kuti kapitawo wa ku esiteti wayamba kulemba maina, ndipo mwina bola akalembetse. Hope akapitiriza sukulu komweko, ikapezeka.

Ndinamuyang'ana. "Iwe mwanawe, unakulira m'zigafa zoyanikamo fodya. Ndi chigafa chiti cha abambo ako chinaulukapo?"

Anayankha kuti palibe. Anati bambo ake ankayamba aona kumene mphepo imachokera asanakumbe dzenje ngakhale limodzi. Akulankhula choncho, manja ake anayamba kale kumanga mfundo m'malere.

Mawa lake anatenga chikwanje. Anadula zikhomo za bulugama, zazitali ngati mkono, n'kuzisongola. Anapota zingwe za linya, zija za m'matayala akale. Anatenga singano yosokera matumba, ndipo manja aja amene anasoka fodya chiyambire ubwana anaphwasula msoko uliwonse wofumbwa n'kuusokanso kawiri. Milungu itatu zala zili zotupa. Mbali yoyang'ana mwera anaisokerera nsalu yotsika mpaka pansi kuti mphepo isapeze khomo.

Atamaliza anafunsa kuti nanga ndani abwerekenso ndege. Apa ndiye nzeru yanga ya Sitandade 2 inagwira ntchito. Ndinamuuza kuti tentiyi ntchito imene inaphunzira ku Lilongwe ndi imodzi yokha, kuima kuti anthu aziiona. Ibwerere pa ntchito yake.

Tinaiimika pamtunda penipeni m'mbali mwa msewu, pamene ngakhale akhwangwala amauluka chobwerera m'mbuyo. Falesi anakhoma zikhomo mopendeka, mitu kuyang'ana kunja, monga ankachitira bambo ake. Ndipo ine, nkhalamba yopepuka ngati gaga, ndinayala mphasa m'kati mwake ndi lichero langa la mtedza.

Julaye yense ndinali momwemo. Ogasiti yense momwemo. Aliyense wodutsa ndinkamuitana kuti akwere, mipando ilipo, tinyamuka posachedwa. Ankaseka, kulowa, kukhala pansi, ine n'kuwapatsa mtedza asende. Mtedza wanga wa chaka chimenecho anandisendera ndi anthu ondiseka. Mphepo inkawomba, nsalu n'kumalira ngati ng'oma, koma mwendo osasuntha. Madenga awiri a udzu anasasuka mwezi umenewo. Tenti ili chiimire.

Tsiku lina ndinaona jekete ikukwera mtunda. A Agustino anadutsa, kubwerera, kudutsanso. Kachitatu anaima n'kugwira chitsulo cha tenti, kuchigwedeza ndi manja onse awiri mpaka chipewa kugwa.

Ndinati, "Gwedezani bwino, abambo, ikagwa mundikwatira ndinu."

Anasiya msangamsanga. Anapukuta manja, n'kufunsa ngati mayi a Hope alipo. Ukwati wa Iness unali pafupi, ndipo obwereketsa matenti a ku Lilongwe ankati msewu wathu umawaonongera galimoto.

Falesi atabwera, mkuluyo anavula chipewa. "Mayi, ndinalankhula mopsa mtima tsiku lija. Mwayesera kwanu, taona tonse."

Ukwati unachitika kumayambiriro kwa Seputembala. Pakati pa pelekanipelekani kamvuluvulu anabwera kuchokera kumunda, kunyamula mapesi, mapepala ndi chitenje cha mayi wina. Anthu onse anayang'ana m'mwamba nthawi imodzi, ena atagwira kale mitu. Tenti inapuma mpweya, n'kukhalanso phee. Nthungululu zimene zinalira pamenepo sizinali za akwati ayi.

Patangotha sabata lole inabwera. Inaima pamphambano, anthu n'kumakweza ndowa ndi mphasa. Falesi anadutsa pomwepo pangolo, atakhala pamwamba pa tenti yake, ulendo wa ku Bowe kumene ankamudikira pa ukwati wina. Kapitawo anamufunsa ngati dzina lake alilembe. Iye anangomuuza kuti akafuna mthunzi adzanene msanga, masiku a Loweruka amadzaza.

Lero ali ndi matenti atatu, awiriwo atsopano. Koma anthu akabwera amati tikufuna ndege. Hope ali Fomu 3, ndipo pulayimale anamalizira pasukulu yomwe ija anayambira atangofika. Mbuzi zinabwerera m'khola, kuphatikizapo tonde wina amene sadya sopo. Ameneyo sitigwirizana.

Ndiye inu amene mumafunsa ngati tenti yachionetsero ndi yoyenera kugula, mverani kwa nkhalamba imene inakhalamo miyezi iwiri. Gulani, koma musamangoyang'ana nkhope. Kusuluka si matenda, ngakhale ine ndinasuluka. Kokani misoko ndi manja anu. Yang'anani nsalu moloza dzuwa muone ngati ikudontha kuwala. Weramani muone chimene chaigwira pansi, ndipo mufunse zingwe ndi zikhomo musanakweze pa minibasi. Zikapanda kupezeka, muyambe mwadziwa ngati manja anu angathe kuzipanga.

Ndipo inu amene zanu zinauluka anthu onse akuona, musathamangire kukalembetsa dzina pa lole. Pitani m'munda wa mbatata mukatole chinthu chanucho. Kumbukirani ntchito imene manja anu anaphunzira kumene munavutikira kuja, chifukwa Falesi anaipulumutsa tenti yake ndi nzeru za pa esiteti pomwe ankadana napo. Sokaninso, khomani zikhomo, muimike pamtunda pomwe anakusekerani.

Osataya mtima, ana anga. Mukasowa wokhalamo, ndiitaneni, ndibwera ndi mtedza wanga.