Pampu ya Petulo ndi Mgonero wa Amayi

Amayi anga anakhala nafe ku Senga Bay m'chaka chawo chomaliza. Miyendo inali itatupa, mtima ukugunda mofooka, ndipo akuchipatala anali atatiuza mosabisa kuti tizingowasamalira. Iwo sankapempha zambiri. Koma atamva kuti kumpingo kwawo ku Chitala kudzakhala Mgonero wa Ambuye Lamulungu likudzalo, anandiitana n'kunena kuti, "Undiperekeze. Ndikadye ndi anzanga."

Ndinayesa kuwanyengerera kuti abusa athu atha kuwabweretsera Mgonero pakhomo pomwepo. Anapukusa mutu. Ku Chitala ndiko anabatizidwira, ndikonso bambo anagona. Mgonero wotsatira unali patsogolo miyezi ingapo, ndipo tonse tinkadziwa, ngakhale panalibe wotchula, kuti miyezi imeneyo sinali yawo.

Pa kabaza sakanakhala, minibasi sakanaipirira. Chimene chinalipo ndi pikapu yanga yakale imene ndimanyamulira usipa wouma kupita nawo ku Salima. Inali nthawi ija petulo ankasowa, ndipo Lachinayi ndinaswera pamzere mpaka kudzaza thanki. Ndinabwerera kunyumba ndikuyamika, ndikuganiza kuti chovuta chatha.

Lachisanu m'mawa ndinatembenuza kiyi, injini inangozungulira osalira. Galimoto imeneyi ukatembenuza kiyi pamayamba kumveka kaphokoso kangati ka njuchi chakumbuyo, ndiye kuti pampu ya m'thanki ikukankha petulo. Tsiku limenelo kunali zii. Ndinaona fyuzi, inali bwino. Ndinagogoda thanki ndi mtengo monga amachitira ena, injini inalira, ndinafika pachipata, inazimanso. Masana ndinakwera minibasi kupita m'tauni, kumene ndinapeza pampu yochotsedwa m'galimoto ina. Inali yofanana ndi yanga kukula kwake, kungoti polumikizira mawaya panali posiyana.

Mnzanga woyandikana naye nyumba ndi Msilamu, ndipo amakonza injini za maboti kugombe. Timatchulana achimwene. Sindinamupemphe kanthu, chifukwa unali mwezi wa Ramazani ndipo ndinkadziwa kuti amaswera osadya osamwa. Koma akazi athu amatunga madzi pamjigo umodzi. Loweruka m'mawa ndinangomuona akulowa ndi thumba la masipanala ndi payipi yopyapyala paphewa.

Anapatsa moni amayi, amene tinali titawakhazika pampando pakhonde, kenako anagwada n'kusuzumira pansi pa galimoto.

"Thanki yodzaza chonchi itiphwanya nthiti," anatero. "Tiyambe tachotsa petulo. Bweretsani zigubu."

Analowetsa payipi m'thanki, mbali inayo n'kuikweza kukamwa monga amachitira tsiku lililonse pamaboti. Itangotsala pang'ono kukhudza milomo anaima, n'kuseka.

"Astaghafirullah. Ndili pa swaumu, ndikusala, achimwene. Kadontho kakangotsikira kukhosi, tsiku langa lonse lapita. Yamwani ndinu."

"Ine sindinachitepo zimenezi."

"Nanga bere la amayi awa anakuyamwirani ndani?"

Amayi anaseka mpaka kutsokomola. "Ameneyo anali waulesi poyamwa, mwana wanga," anamuuza. "Mumuyang'anire."

Ndinayamwa. Poyamba kunabwera mpweya wokha wonunkha, ndiye ndinakoka mwamphamvu, petulo n'kudzaza m'kamwa, wina n'kupitirira. Ndinagwada pamchenga ndikulavula, misozi ili mbwembwembwe, pamene iye anali atalanda kale payipi n'kuilozetsa m'chigubu. Anandiuza kuti tsopano ndabatizidwa ubatizo wa amakaniko.

Mabawuti ogwira thanki anali atadyedwa ndi dzimbiri. Tinawathira oyilo wakutha, n'kudikira, n'kulimbana nawo limodzilimodzi titagona chagada pamasaka. Pansi panali ponyowabe ndi mvula ya sabata imeneyo, koma dzuwa linkatentha ngati la mu Okutobala. Tinachirikiza thanki ndi jeke ndi thabwa, n'kuitsitsa pang'onopang'ono, n'kuikokera panja.

Titatsegula ndinachita manyazi. Pansi pa thanki panali mchenga, dzimbiri ndi madzi, zotsalira za petulo wa m'zigubu amene tonse tinkagula m'mbali mwa msewu masiku osowa aja. Kasefa ka pampu kanali katatsekeka ngati kamatidwa ndi dothi. Galimoto imeneyi ndinkaitsuka Loweruka lililonse mpaka kuwala, ndipo ndili chigwadire pamenepo ndinakumbukira mmene Ambuye anadzudzulira otsuka kunja kwa chikho. Pampu inali itagwira ntchito zaka zonsezo mumdima, ikumwa zonyansa, ine osaiganizira n'komwe.

Tinatsuka thanki, tinaika pampu yatsopano. Polumikizira paja tinangodula, kuti tilumikize mawaya okha. Anali awiri uku, awiri uko, koma mitundu yake yosagwirizana.

"Pabotitu palibe zimenezi," anatero mnzangayo. "Galimoto ndi yanu, sankhani."

"Wakudayu apite kwa wakuderako."

"Inshallah."

Tinalumikiza, tinamata, tinakweza thanki, tinamanga mabawuti onse. Palibe mwa ife amene anaganiza zoyesa kaye thanki ili pansi. Azana ya masana, kuitanira mapemphero, itamveka kumzikiti iye anapita kukaswali, ine n'kutsala ndikuthira petulo pang'ono. Atabwerako ndinatembenuza kiyi. Kaphokoso ka njuchi kaja kanamveka, ndipo tinayang'anana n'kumwetulira. Koma injini inazungulira, inazungulira, osalira. Tinamasula payipi yofika ku injini. Inali youma gwa. Pampu inkazungulira chobwerera, chifukwa mawaya tinali titawasemphanitsa.

Mnzangayo anakhala pansi n'kutsamira tayala. Milomo yake inali itayera, itang'ambika. Ine chiyambire m'mawa ndinali nditangochukucha m'kamwa, chifukwa kumwa madzi pamaso pake kunkandivuta. Iye anali ataona.

"Imwani madzi, achimwene. Swaumu si yanu."

"Pitani mukapume," ndinamuuza. "Mwachita zokwanira. Ndikawauza amayi kuti zakanika."

Ndinkanena zoona. Thupi linali litakana, ndipo kumugonekanso munthu wosala pansi pa galimoto ndinaona ngati tchimo. Ndinapita pakhonde. Mkazi wanga anali atasita bulauzi yoyera ya amayi ndi duku, ndipo iwo anali atazifungatira pamiyendo, akusalaza kolala ndi chala.

"Yalira?" anandifunsa.

 Mumtima ndinangoti, Ambuye, mukudziwa Inu. Palibe pemphero lina limene ndinapemphera tsiku limenelo.

Kumbuyo kwanga ndinamva jeke ikulira. Nditacheuka ndinaona mapazi okha atatulukira pansi pa galimoto.

"Achimwene," anaitana ali pansi pomwepo, "thanki imeneyi mukufuna ndiilandire ndi mphumi?"

Ndinathamanga n'kukagona pambali pake. Ndinamuuza kuti sakuyenera kudzizunza chifukwa cha gome la Ambuye limene iye sadyapo.

"Gomelo si langa," anayankha. "Koma munthu akafuna kukaonekera kwa Mulungu, sum'siya panjira. Gwirani uko, musalankhulitse munthu wa ludzu."

Kachiwiri mabawuti sanavute, ndipo thanki inali yopepuka. Tinasinthanitsa mawaya. Ulendo uno tinaisiya pansi, tinalozetsa payipi m'botolo, mkazi wanga n'kutembenuza kiyi. Petulo anathovoka m'botolomo mpaka kusefukira m'manja mwanga. Mnzangayo anangoti, "Alhamdulillah," motsitsa, ine n'kuti, "Amen."

Nthawi zambiri ndimaganiza za anthu aja amene anasasula denga kuti atsitsire wodwala manjenje pamaso pa Ambuye. Sitiuzidwa mayina awo, ngakhale kwawo. Timangodziwa kuti ananyamula, ndi kuti Iye anawaona. Sindine wophunzira zaumulungu, ndipo pali zambiri zimene ine ndi mnzangayo sitigwirizana, zimene takhala tikukangana mwamtendere pansi pa mtengo wa mango kwa zaka. Koma ndikudziwa amene anagona nane pamasaka onyowa tsiku lija, ndipo ndimamutchula m'mapemphero anga.

Injini inalira dzuwa likadalipo. Iye anatolera masipanala ake, n'kunena kuti akasambe msanga, chifukwa akalowa mumzikiti akununkha chonchi anzake amuyesa wogulitsa petulo wa m'zigubu. Amayi anamuitana, anamugwira dzanja lake lakuda ndi oyilo, osalisiya kwa kanthawi. 

Lamulungu tinanyamuka m'mamawa, amayi ali pakati pa ine ndi mkazi wanga, titawatchinjiriza ndi mapilo. Titasiya tala msewu unali wamatope ndi maenje, ndipo ndinayendetsa ngati ndanyamula mazira. Chimanga chinali chitakhwima mbali zonse. Iwo ankatchula eni minda, amoyo ndi omwalira, ngati akuwapatsa moni.

Titafika, mapemphero anali atayamba. Tinayesa kuwatsitsa amayi, koma ulendo unali utawatha mphamvu, ndipo miyendo inakana ngakhale kufika pansi. Ndinasendeza galimoto pamthunzi pafupi ndi zenera la tchalitchi n'kutsegula chitseko kuti azimva. Mtima unandiwawa kuti tafika pakhomo penipeni koma osalowa.

Mayi wina amene anakhala chakuzenera anawazindikira. Posakhalitsa anatuluka, pambuyo pake wina, kenako winanso, amayi okalamba ovala zoyera amene anaphunzira nawo kalasi ya ubatizo ali atsikana. Anayala zitenje pansi pafupi ndi chitseko cha galimoto n'kukhala.  Mmodzi anangoti, "Mwabwera, anzathu," amayi n'kuti, "Ndabwera."

Nthawi ya Mgonero itakwana, mkulu wa mpingo anatuluka ndi mbale ya mkate, wina akumutsatira ndi tizikho. Anayamba ndi amayi. Mano anali atawathera, ndipo kachidutswa kakang'ono ka mkateko anakatafuna nthawi yaitali, maso ali chitsinzire. Mkuluyo anaima padzuwa osawafulumiza. M'kati nyimbo inafika kumapeto, koma poona kuti akulu sanabwerere, mpingo unayambanso ndime yomaliza, n'kuibwerezanso kachitatu.

Atamwa anabweza kachikho, anapukuta pakamwa ndi nsonga ya duku, n'kuyang'ana anzawo amene anali kudya pansi paja.

"Tadya," anatero.

Mgonero wotsatira usanafike, tinabweranso nawo ku Chitala kudzawaika pafupi ndi bambo.